Foni ya m'manja ngati mboni pa mlandu wakupha

Foni ikayaka, ngakhale ili phee m'thumba, imalumikizana ndi nsanja za netiweki. Tikaimba, kutumiza uthenga kapena kulowa pa intaneti, kampani ya foni imasunga nambala, nthawi ndi nsanja imene yatithandiza. Ku Britain boma lingalamule makampani kusunga zimenezi mpaka miyezi 12, ndipo apolisi amazipempha pofufuza mlandu. Zosungidwazi sizinena mawu amene tinayankhula. Zimangonena kuti foni yakuti inali chakuti, nthawi yakuti.

Mlandu wa ku Soham, m'chigawo cha Cambridgeshire, umaonetsa bwino momwe umboniwu umagwirira ntchito. Pa 4 Ogasiti 2002, atsikana awiri a zaka 10, Holly Wells ndi Jessica Chapman, anasowa madzulo. Jessica anali ndi foni ya Nokia, ndipo inazimitsidwa 6:46 madzulo omwewo. Foni ikamazima imatumiza chizindikiro chotsanzikira, ndipo cha foni ya Jessica chinalandiridwa ndi nsanja ya ku Burwell, mudzi woyandikana nawo, osati ya ku Soham. Akatswiri anayendayenda m'tauniyo akuyeza, n'kupeza kuti ndi malo ochepa chabe m'Soham kumene foni ikanagwira nsanja ya ku Burwell. Amodzi mwa malowo anali panja pa nyumba ya Ian Huntley, wosamalira malo pa sukulu ya Soham Village College.

Mafoni anaululanso bodza. Chibwenzi cha Huntley, Maxine Carr, chinauza apolisi kuti tsikulo anali limodzi pakhomo, pomwe iye anali kwa mayi ake ku Grimsby, makilomita oposa 100 kuchoka pamalopo. Komabe foni siinagwetse Huntley payokha. Apolisi anapeza malaya a Manchester United a atsikanawo, atawotchedwa, m'bini pa sukulupo, komanso ulusi wa malayawo m'nyumba mwake. Pa 17 Disembala 2003 khoti la Old Bailey linamupeza wolakwa pa milandu iwiri yakupha. Ife aphunzitsi timaukumbukira mlanduwu pa chifukwa chinanso: unachititsa kuti aliyense wofuna ntchito pa sukulu ku Britain azifufuzidwa mbiri yake mozama.

Umboniwu uli ndi malire, ndipo maloya amakangana kwambiri pamenepa. Nsanja imodzi m'tauni ingafike misewu yowerengeka, koma kumidzi imafika makilomita angapo, ndipo foni siimagwira nsanja yapafupi nthawi zonse. Phiri, nyumba zitalizitali kapena kuchuluka kwa oimba zingaikankhire ku nsanja ina. Choncho katswiri woona mtima amauza khoti kuti foni "ikhoza kukhala" inali pamalopo, sanena kuti inali pakhomo penipenipo. Ku Denmark mu 2019 kunapezeka zolakwika pa momwe apolisi ankasinthira zosungidwa za makampani. Milandu yoposa 10,000 inaunikidwanso ndipo anthu 32 anatulutsidwa m'ndende.

Vuto lina n'lakuti nsanja imaona foni, siiona dzanja limene laigwira. Woimira boma ayenera kusonyeza kuti foniyo inali ya woimbidwa mlanduyo, ndipo amatero poona kumene imagona usiku, amene imawaimbira kawirikawiri ndi dzina limene linalembetsa simukhadi. Apa m'pamene nkhaniyi imatikhudza ife okhala kunja. Timabwerekana mafoni, timalembetsera simukhadi m'bale amene wangofika kumene ku Johannesburg alibe mapepala, timagulira ana foni yakale kwa munthu wosamudziwa. Foniyo ikatchulidwa pa mlandu, apolisi amayamba kugogoda kwa mwini dzina.

Kusintha simukhadi sikubisa kanthu, ana athu adziwe zimenezo. Foni iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya manambala 15, yotchedwa IMEI, imene netiweki imaiona pa simukhadi iliyonse. Tikadina *#06# imaoneka. Pogula foni yakale, ndi bwino kuilemba nambalayo pa lisiti, pamodzi ndi tsiku limene taigula.