Zaka 25 za wailesi ya kanema ya dziko lino: chikumbutso cha pa Biriwiri

Pa 1 Epulo 1999, ku Kwacha mumzinda wa Blantyre, Television Malawi idayamba kuulutsa zithunzi. Mu 2024 wailesi ya kanemayo idakwanitsa zaka 25, pamene Malawi Broadcasting Corporation, yomwe idadzaitenga kuti ikhale nthambi yake, idakwanitsa zaka 60. A m'tauni akumbukira zaka zimenezi mwa njira yawo. Ine ndazikumbukira ndili pa Biriwiri m'boma la Ntcheu, pa chipata cholowera ku Angonia m'dziko la Mozambique, chifukwa mbiri ya kanema imamveka mwina ukaifotokozera kumene chithunzi chinkafika mochedwa, mwinanso osafika n'komwe.

Mafilimu adatipeza kale, TV isanaganiziridwe. Pakati pa 1935 ndi 1937, gulu la Bantu Educational Kinema Experiment lidayendayenda ndi mafilimu ophunzitsa ku Tanganyika, Kenya, Uganda, Northern Rhodesia ndi kuno ku Nyasaland. Kenako mu 1948 atsamunda adakhazikitsa Central African Film Unit ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, kuti izipanga mafilimu oonetsa anthu akuda a ku Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Imeneyo ndiyo idali kampani yaikulu ya mafilimu ya chigawo chino. Alan Izod ndi Stephen Peet ndi ena mwa amene ankaiyendetsa. Galimoto inkafika pabwalo la sukulu kapena la mfumu dzuwa likupendeka, anyamata n'kumanga chinsalu choyera, jenereta n'kuliza, mdima ukangogwa chithunzi n'kuyamba kuyenda. Mafilimu oyambirirawo adali opanda mawu. Pambali pa chinsalu pankaima munthu wathu, chimkuzamawu kukamwa, kumamasulira zomwe zikuchitika, kumayankhulira aliyense wa m'filimumo, nthawi zina kumathira nthabwala zake zomwe mzungu wojambula sadazilote. Zithunzi zidali za eni, mawu adali athu. Ndikupempha owerenga kuti munthu wa chimkuzamawu ameneyu asamuiwale, pakuti mpaka lero sadachoke pakati pathu.

Nkhani za m'mafilimuwo zidali zolima, zaukhondo, zosunga ndalama ku positi. Kuziona mwapatali n'zabwinobwino. Koma ku Ntcheu kulima sikudali nkhani ya khasu lokha. Malamulo a malimidwe, okakamiza anthu kuunda mizere yopingasa ndi kulipiritsa olephera, adali atawawitsa anthu mitima. Mu 1953, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Inkosi Gomani II, a Philip, adauza anthu awo kuti malamulo amenewo asawamvere. Apolisi atabwera ku Lizulu kudzawatenga, Inkosi idawolokera tsidya la Apwitikizi pamodzi ndi m'busa Michael Scott, koma Apwitikizi adawabweza, ndipo idamwalira mu 1954 ku chipatala cha Malamulo. Tsono taganizani mlimi wa pa Biriwiri wa masiku amenewo akuonetsedwa filimu yotamanda mizere yomweyo imene mfumu yake idavutikira. Kampani ya mafilimu ija italowa m'manja mwa boma la chitaganya, ntchito yake idapendekera kokometsa chitaganyacho, ndipo idatha nacho limodzi mu 1963.

Wailesi ya mawu idayenda njira ina. Inkaulutsa kuchokera ku Lusaka, Chinyanja chili chimodzi mwa zilankhulo zake, ndipo kuyambira 1949 kudabwera kawailesi kotsika mtengo ka batire kotchedwa Saucepan Special, kamene kadalowetsa nyimbo za anthu ngati Alick Nkhata m'nyumba za anthu wamba. Mu 1964, chaka cha ufulu wodzilamulira, dziko lidakhala ndi wailesi yakeyake, MBC, likulu lake ku Chichiri. Pa za kanema, Kamuzu Banda sadalole. Southern Rhodesia idali nayo TV kuyambira 1960, Northern Rhodesia kuyambira 1961 ku Kitwe, Mozambique idayamba kuyeserera mu 1981, ife ayi. Lamulo la 1968 lidapereka mphamvu ku Censorship Board yoletsa kapena kudula filimu iliyonse. Chinsalu cha pabwalo chidapitirira ndithu: a zofalitsa nkhani ankaonetsa maulendo a Ngwazi oyendera mbewu, mbumba ikuvina, ndipo a zaulimi ankabwera ndi galimoto zawo zachikasu zija, zokhala ndi mafilimu komanso zidole zoyankhula, zomwe ana ankazithamangira fumbi kobo. Pamene Kamuzu ankamwalira pa 25 Novembala 1997, dziko lino lidali lisanakhalebe ndi wailesi ya kanema yakeyake, ndipo anthu akumudzi adalira malirowo ndi makutu.

Apa ndiyenera kuipatsa MBC ulemu wake. Inde, idali pakamwa pa chipani chimodzi. Inde, mu 1968 idachotsa Chitumbuka pa wailesi, ndipo chidabwerera mu 1994, bala lomwe abale athu akumpoto sadaliiwale. Kalata ya maepisikopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Marichi 1992, ofuna kumva zoona zake ankapotoza wailesi kusaka BBC. Komabe wailesi yomweyo idadziwa njira ya kumudzi. Mauthenga achisoni ankafikira munthu ali ku Kasungu kuti kwawo ku Ntcheu kwagwa zovuta, maliro aikidwa mawa. Kapalepale ndi Pamajiga ankasonkhanitsa banja lonse pakhonde. Zokonda Amayi idalumikiza amayi amene sadaonanepo maso ndi maso. Ndipo Nkhani za m'Maboma, pulogalamu imene anthu eni ake ankatumiza zochitika m'midzi mwawo, idakopa ngakhale katswiri wa maphunziro a chikhalidwe Harri Englund, amene adailembera buku lonse lomwe lidatuluka mu 2011. Pa wailesi, munthu wakumudzi sadali womvera chabe. Nkhaniyo idali yake.

Kutsidya kwa msewu wa M1, umene umatsata malire kuchoka pa Biriwiri kulowera ku Lizulu, anzathu adayesa zawo. Boma la Samora Machel lidakhazikitsa Instituto Nacional de Cinema dziko litangomasuka, n'kumapanga mafilimu afupiafupi a nkhani otchedwa Kuxa Kanema, omwe ankayenda pa galimoto kupita kumidzi. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo idatseka misewu ya galimotozo. Anthu oposa 1 miliyoni adathawira ku Malawi, ndipo Ntcheu lidali limodzi mwa maboma omwe adalandira ochuluka zedi. Nyumba ya bungwe la mafilimu lija ku Maputo idapsa ndi moto mu 1991, chaka chimodzi mtendere usanasainidwe ku Rome. Zaka zonsezo, pamene midzi ya kuno idadzaza ndi zisakasa za othawa nkhondo ndipo mabanja ankagawana madzi, nkhuni ndi manda, dziko lathu lidalibe TV yoti ijambule. Zithunzi zambiri za nthawiyo adajambula alendo a mabungwe ndi atolankhani akunja, n'kupita nazo kwawo. Zimandiwawa, chifukwa kuchereza kumene anthu a m'malire muno adachita ndi chimodzi mwa zinthu zazikulu zomwe Malawi adachitapo.

N'chifukwa chake 1999 idali ndi lonjezo lalikulu. Boma la Bakili Muluzi, litakhazikitsa lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998 lomwe lidabala MACRA, lidatsegula TVM kutatsala miyezi iwiri ndi theka kuti anthu aponye voti pa 15 Juni. Kuyandikana kwa masiku amenewa aliyense adakuona. Komabe chisangalalo chidali chenicheni. Kumadera opanda magetsi, mwini golosale kapena mphunzitsi ankagula ka TV kakang'ono kopanda mitundu, n'kukalumikiza ku batire ya galimoto. Mlongoti unkamangidwa pa mtengo wautali wa bulugamu pambali pa nyumba. Chithunzi chikasokonekera, mnyamata ankatuluka kukapotoza mtengowo pang'onopang'ono, a m'nyumba akukuwa kuti abwerere pang'ono, aime pomwepo, asagwedezenso. Batire ikamatha, chithunzi chinkayamba kufota m'mbali mpaka kutsala kabokosi pakati, ndipo m'mawa wina ankaikweza pa njinga kukatchajitsa kumene kuli magetsi.

Zomwe anthu ankapirira zonsezi zidali nkhope. Oimba omwe ankangowamva pa wailesi, a Lucius Banda a ku Balaka, amene adatisiya mu Juni 2024, a Billy Kaunda, a Mlaka Maliro, adaoneka ndi maso. Izeki ndi Jakobo, omwe ndi malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, adaseketsa anthu ndi nkhope zawo zomwe, osati mawu okha. Sewero la Tikuferanji lidaika nkhani ya Edzi patebulo m'nyumba momwe makolo ndi ana sankaitchula, ndipo Manganya wa m'sewerolo, Dr. Michael Usi, adalumbiritsidwa kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu Juni 2024. Kwa nthawi yoyamba chithunzi ndi mawu zidali zathu zonse ziwiri.

Koma kamera idakonda kwambiri kuloza pa nsanja ya mtsogoleri. Zipani zasinthana boma, chizolowezicho osasintha: amene ali pampando amaoneka nthawi yaitali, otsutsa amaoneka pokhapokha akamadzudzulidwa. Pa nthawi ya Bingu wa Mutharika, aphungu otsutsa, omwe adali ochuluka m'Nyumba ya Malamulo, adakwiya mpaka kupatsa MBC ndi TVM K1 yokha aliyense mu bajeti ya boma, ndipo pulogalamu ya Makiyolobasi, yonyoza atsogoleri otsutsa, idatsimikizira anthu ambiri kuti madandaulowo adali ndi maziko. Mu ulamuliro womwewo TVM idaphatikizidwa ndi MBC, dzina lakale n'kutha, n'kukhala MBC TV. Kudabweranso Luntha TV ya ku Balaka, Times, Zodiak ndi ena, kenako dikoda ya Kiliye Kiliye dziko litasamukira ku kaulutsidwe ka dijito. Onsewa amafuna magetsi, pamene kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa nyumba 10 zilizonse, pafupifupi imodzi yokha ndiyo imaunikira ndi magetsi a ESCOM. Masola athandiza, mafoni athandiza, koma kwa ambiri pa Biriwiri kanema akadali wokaonera kwa wina.

Ndipo kwa winako nthawi zambiri ndi ku vidiyo shoo: kanyumba kamdima pamsika, mabenchi a matabwa, sipika panja yoitanira anthu. Ogulitsa kachewere ndi kabichi m'mbali mwa msewu akaweruka, ana a sukulu akapeza kandalama, amalowa mmenemo. Pa sikirini pali Mchaina, Mmwenye kapena Mnaijeriya, koma mawu ndi a mnyamata wa konkuno amene wamasulira filimu yonse m'Chichewa, kuwapatsa osewera maina a kwathu, kuwayankhulitsa za pamsika. Ndi munthu wa chimkuzamawu uja wa 1948, wangosintha zida. Luso lake ndimalilemekeza, ndipo anthu amaseka mpaka misozi. Koma zaka zonsezi chitsegulire TV yathu, mwana wa pa Biriwiri akuonabe nkhani za eni zitavekedwa mawu athu.

Ambiri mwa mafilimu a karate omwe adalera mibadwo ya oonera vidiyo adachokera ku Hong Kong, ndipo mbiri ya kumeneko ili ndi phunziro la ntchito. Run Run Shaw adakhazikitsa Shaw Brothers mu 1958, kampani yomwe idapanga mafilimu mazanamazana, ndipo mu 1967 adali mmodzi mwa oyambitsa wailesi ya kanema ya TVB. Wailesiyo idatsegula sukulu ya osewera, momwe mudatuluka Chow Yun-fat, Andy Lau, Tony Leung ndi Stephen Chow. Kumeneko TV idali munda wobzalamo opanga mafilimu. Kwathu kuno opanga mafilimu adzilimira okha. Shemu Joyah adatulutsa Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise kudzera m'kampani yake. Joyce Mhango Chavula adapata mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu idajambulidwa konkuno, Chichewa chili thoo, koma adaitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor ndipo idatulukira pa Netflix mu 2019. Sindikunena kuti MBC ikadafanana ndi Hong Kong, ndalama zake n'zosiyana kutalitali. Ndikunena kuti wailesi imene imadya msonkho wa anthu ikadatha kumagula filimu imodzi kapena ziwiri za Amalawi chaka chilichonse, pa mtengo woti wopangayo apangenso ina.

Makamera amafika ku Ntcheu pakakhala mwambo waukulu. Amafika pa Umhlangano wa Maseko ku Nkolimbo, ngoma ikuvinidwa, zishango zikugunda pansi. Adafika mwaunyinji pa 17 Juni 2024, tsiku limene malemu Saulos Chilima ankaikidwa m'manda kwawo ku Nsipe, dziko lonse likuonera. Masiku ena onse, mlimi amene kachewere wake akuwolera m'munda posowa msika, mayi amene amagula mafuta ophikira tsidya lina n'kudzagulitsa tsidya lino, gogo amene adasunga banja la othawa nkhondo zaka zisanu, palibe amene amawalozetsa kamera kwa nthawi yokwanira kuti amalize chiganizo. Wailesi ya mawu idawapatsa mpata umenewo kalekale.

Pali ntchito ina imene singadikire chikumbutso cha zaka 50. Matepi a nyimbo omwe MBC idajambula m'maboma kuyambira zaka za m'ma 1960 adayamba kusamutsidwira pa kompyuta ndi thandizo lochokera ku Norway, ndipo oimba a lero adapezamo zoti aphunzire. Matepi a vidiyo nawo amawonongeka ndi chinyezi, kutentha ndi ukalamba, ndipo makina owerengera matepi a 1999 akusowa chaka ndi chaka. M'matepi amenewo muli nkhope za oimba, mafumu ndi osewera amene ambiri adatisiya. Asamutsidwe onse, kope lina likasungidwe ku National Archives ku Zomba. Mafilimu a Central African Film Unit akusungidwa ku National Archives of Zimbabwe ku Harare, ndipo ena mwa iwo adajambulidwa ku Nyasaland. Boma lipemphe makope ake, MBC iwaulutse, ndipo galimoto imodzi iwatengere pa mabwalo a sukulu za ku Biriwiri, Tsangano ndi Lizulu, akuluakulu amene angazindikire malo ndi magule a mmenemo akadali moyo.