Muhtasib: Mkulu wa Pamsika Amene Ankayang'anira Sikelo, Malipiro ndi Ngongole

Munthu akagula ufa n'kupeza kuti muyeso ndi woperewera, akagwira ganyu bwana n'kumudula malipiro, kapena akakongoza mnzake ndalama mnzakeyo n'kumangoti mawa mawa, amakadandaula kuti? Funsoli si la lero. Asilamu a ku Madina, Baghdad, Qayrawan, Seville ndi Cairo anakumana nalo, ndipo analipezera yankho lomwe linagwira ntchito kwa zaka mazana ambiri. Yankholo linali udindo wa hisba, ndipo woutenga ankatchedwa muhtasib.

Ambiri mwa ife timathera zaka pa madrasa tikuphunzira twahara, swalah ndi swaumu, koma mitu ya malonda, ngongole ndi ganyu, yomwe ili mkati mwa mabuku omwewo a fiqh, sitiifika. Mapeto ake wophunzira amatuluka akuganiza kuti Shariya imathera pakhomo la mzikiti. Mbiri ya muhtasib ikutionetsa kuti ma ulama akale ankaona sikelo ya wogulitsa nyama ndi malipiro a wonyamula katundu ngati nkhani za malamulo, zoyenera kukhala ndi mkulu wake ndi malire ake.

Chiyambi chake

Maziko a udindowu ali mu Qur'an ndi Sunnah. Surah al-Mutaffifin, ya nambala 83, inayamba ndi kuwaopseza anthu ochepetsa muyeso. Mu Sahih Muslim muli nkhani yoti Mtumiki (madalitso ndi mtendere za Allah zikhale pa iye) anadutsa pa mulu wa chakudya pamsika, napisamo dzanja, n'kupeza kuti chapansi n'chonyowa, ndipo anadzudzula mwini wake chifukwa chobisa chilemacho. Mu Sahih al-Bukhari timapezamo kuti mmodzi mwa anthu atatu amene Allah adzawazenga mlandu pa tsiku la Qiyamah ndi amene analemba munthu ntchito, ntchitoyo n'kutha, iye osamulipira.

M'zaka zoyambirira, mkulu woyang'anira msika ankatchedwa sahib al-suq, kutanthauza mwini udindo wa pamsika. Dzina loti muhtasib linazika mizu m'nthawi ya ufumu wa Abbasi, pamene ntchitoyo inalumikizidwa poyera ndi lamulo la kulamula zabwino ndi kuletsa zoipa. Limodzi mwa mabuku akale kwambiri pa nkhaniyi ndi Ahkam al-Suq, lochokera m'ziphunzitso za Yahya ibn Umar, mlimu wa madhhab a Maliki amene anakhala ku Qayrawan ndipo anamwalira mu 901. Ku Andalus udindowu unazolowereka kwambiri moti mizinda italandidwa ndi mafumu achikhristu, iwo anausunga, ndipo mawu a Chisipanishi oti almotacén anachokera ku al-muhtasib.

Makomo atatu a wodandaula

Amene anafotokoza udindowu mwadongosolo ndi al-Mawardi, Qadhi wa madhhab a Shafi'i amene anamwalira ku Baghdad mu 1058. M'buku lake la al-Ahkam al-Sultaniyya anaika hisba pakati pa makomo ena awiri. Khomo loyamba ndi la Qadhi, amene amamvera mboni, kulumbiritsa anthu ndi kugamula mlandu. Lina ndi la mazalim, bwalo lomva madandaulo pa akuluakulu ndi anthu amphamvu amene Qadhi sangawathe. Muhtasib anali wa zinthu za tsiku ndi tsiku, zooneka ndi maso, zosafuna kudikira.

Al-Mawardi anatchula mitundu itatu ya madandaulo amene muhtasib ankaloledwa kumva: kuchepetsa muyeso kapena sikelo, chinyengo pa katundu kapena pa mtengo, ndi kuzengereza kubweza ngongole kwa munthu amene ali nazo zobwezera. Koma apa pali malire ofunika kuwamvetsa. Muhtasib ankalowererapo pokhapokha cholakwacho chili poyera kapena wolakwayo akuvomera. Wina akakana, nati ngongoleyo sakuidziwa, nkhani inkachoka m'manja mwa muhtasib n'kupita kwa Qadhi, chifukwa muhtasib analibe mphamvu yomvera mboni kapena yolumbiritsa munthu. Ngakhale pa ngongole yovomerezedwa, iye ankatha kumuumiriza wangongoleyo kuti alipire, koma sankatha kumutsekera m'ndende, popeza kutsekera ndi chigamulo cha bwalo.

Komabe muhtasib anali ndi china chimene Qadhi analibe. Qadhi amakhala pampando kudikira wodandaula. Muhtasib ankayenda m'misika ndi m'misewu, ndipo akaona sikelo yokhota sankafunika kuti wina ayambe wadandaula. Anthu osauka, amene sakanakwanitsa kusiya ntchito tsiku lonse n'kukakhala pabwalo chifukwa cha ufa wodzaza dzanja limodzi, ankathandizika ndi zimenezi.

Ganyu, mpanda ndi boti

Pa nkhani ya ntchito, al-Mawardi anaona mbali zonse ziwiri. Wolemba ntchito akachepetsa malipiro amene anagwirizana kapena akawonjezera ntchito, muhtasib ankamuletsa. Wantchito naye akachita ulesi kapena akafuna zoposa zimene anapangana, ankadzudzulidwa. Akatsutsana pa zimene anapanganazo, ankatumizidwa kwa Qadhi.

Nkhani za anthu oyandikana nyumba zinali ndi lamulo losiyanako. Munthu akalowa m'malire a mnzake kapena akatsamiritsa mitanda pakhoma la mnzake, muhtasib sankalankhulapo mpaka mwini khomayo atadandaula, chifukwa ufuluwo ndi wake ndipo akhoza kukhululuka. Nthambi za mtengo zikalowa m'bwalo la woyandikana naye, mwini mtengo ankauzidwa kuti azidule, koma mizu yoyenda pansi panthaka sinali mlandu. Wina akamanga uvuni m'nyumba mwake utsi n'kumavutitsa mnzake, al-Mawardi anati asaletsedwe, popeza munthu ali ndi ufulu pa malo ake. Ma ulama a Maliki ambiri anali okhwimirapo pa zovulaza woyandikana naye ngati zimenezi, ndipo kusiyanaku ndi phunziro labwino m'kalasi ya fiqh.

Muhtasib ankaletsanso eni ziweto kuzisenzetsa katundu woposa mphamvu zake, ndiponso eni maboti kudzaza mopyola muyeso kapena kunyamuka mphepo ikuwomba mwamphamvu. Amene anakwerapo boti lodzaza thothotho pa nyanja yathu, mwera utayamba, sangafunse chifukwa chake. Ngakhale Qadhi amene ankasunga anthu pakhomo osawamvera milandu yawo, ndi Imamu wotalikitsa swalah mpaka kuvutitsa ofooka, muhtasib anali ndi ufulu wowakumbutsa. Koma panali chinthu chimodzi choletsedwa kwa iye: kusuzumira m'nyumba za anthu ndi kufufuza zimene abisa.

Mabuku a pamsika

Al-Mawardi analemba ngati katswiri wa malamulo. Pambuyo pake panabwera mabuku olembedwera munthu amene adzaime pamsika m'mawa. Ibn Abdun analemba za Seville kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1100, ndipo al-Saqati analemba za Malaga patapita zaka pafupifupi 100. Ku Sham, m'nthawi ya Salah al-Din, al-Shayzari analemba Nihayat al-Rutba fi Talab al-Hisba, la mitu 40. Ku Egypt, Ibn al-Ukhuwwa, amene anamwalira mu 1329, analikulitsa m'buku la Ma'alim al-Qurba, la mitu 70.

Tikawerenga al-Shayzari timakhala ngati tikuyenda mumsika momwemo. Wokanda ufa wa buledi asakande ndi mapazi, maondo kapena zigongono. Aphimbe kukamwa kuopa kuyetsemulira mu ufa, amange nsalu pachipumi kuti thukuta lisadonthere, ndipo masana pakhale wina woingitsa ntchentche. Wogulitsa nyama asasakanize ya mbuzi ndi ya nkhosa. Miyala ya sikelo ikhale yachitsulo, yoyesedwa ndi kudindidwa. Dokotala alembe mankhwala amene wapereka ndipo abale a wodwala asunge kalatayo, kuti wodwala akamwalira dokotala wamkulu aone ngati panali kunyalanyaza. Aphunzitsi a ana nawonso anali m'gulu loyang'aniridwa: asamenye mwana ndi ndodo yothyola mafupa, ndipo asamatume ana a eni ntchito zawo zapakhomo.

Popeza munthu mmodzi sangadziwe zinsinsi za ntchito zonse, muhtasib ankasankha arif, munthu wokhulupirika wochokera m'gulu lililonse la amisiri, wodziwa machenjera a anzake. Paja amadziwa za m'madzi ndi amene amakhala m'madzimo.

Nanga katundu akawonongeka m'manja mwa mmisiri?

Funso limeneli linavuta ma ulama, ndipo mpaka lero timakangana nalo kwa telala ndi kwa makaniko. Fiqh inagawa antchito pawiri. Ajir khass ndi wolembedwa ndi munthu mmodzi kwa nthawi yodziwika, monga wantchito wapakhomo. Iye amayenera malipiro ake akangopezeka pantchito nthawi yonse imene anapangana, ngakhale bwana asamupatse chochita, ndipo salipira chowonongeka pokhapokha atanyalanyaza kapena kuchita dala. Ajir mushtarak ndi wogwirira ntchito aliyense, monga wosoka, wochapa ndi wopaka nsalu utoto, ndipo amalipidwa ntchito ikatha.

Ma ulama a Maliki anagamula kuti mmisiri wotereyu alipire katundu wotayika m'manja mwake ngati palibe umboni womuchotsera mlandu, poona kuti popanda zimenezi katundu wa anthu adzatha. Mu madhhab a Shafi'i, amene ambiri mwa ife kuno timatsatira, ganizo lamphamvu ndi loti salipira ngati sananyalanyaze, chifukwa katunduyo ali kwa iye ngati amana. Pa za mitengo, Mtumiki (madalitso ndi mtendere za Allah zikhale pa iye) anakana kukhazikitsa mitengo ku Madina pamene zinthu zinakwera. Koma Ibn Taymiyya, amene anamwalira mu 1328, anafotokoza kuti amalonda akabisa chakudya kapena akapangana zokweza mitengo anthu ali pa njala, wolamulira awakakamize kugulitsa pa mtengo woyenera, ndipo amisiri ofunika kwa anthu onse apatsidwe malipiro olingana ndi a anzawo a ntchito yomweyo.

Pamene mlonda anasanduka wakuba

Tisadzinamize kuti zonse zinkayenda monga zinalembedwera. Al-Mawardi yemweyo anadandaula kuti m'masiku ake olamulira anaunyoza udindowu, naupereka kwa anthu osayenera, mpaka unasanduka njira yodyera ziphuphu. Ku Cairo ya ma Mamluk zinafika poipa. Wolemba mbiri al-Maqrizi anakhala muhtasib wa Cairo mu 1399, koma chaka chisanathe anachotsedwa ndipo malo ake anatenga Badr al-Din al-Ayni. Mu 1405, dziko lili pa njala ndi kukwera kwa mitengo, al-Maqrizi analemba Ighathat al-Umma, momwe anaika kugula maudindo ndi ziphuphu patsogolo pa zifukwa za mavutowo, ndipo hisba inali m'gulu la maudindo ogulidwawo. Munthu wogula udindo amabweza ndalama zake kuchokera kwa amalonda, amalondawo n'kuzibweza kuchokera kwa ogula.

Ufumu wa Ottoman unaupitiriza udindowu pa dzina la ihtisab, ndipo mu 1502, m'nthawi ya Sultan Bayezid II, unalemba malamulo a msika wa Bursa okhudza miyeso, mitengo ndi ubwino wa katundu. M'zaka za m'ma 1800 ntchitozi zinasamutsidwira ku makhonsolo a mizinda, pamene malamulo a malonda ndi ganyu analembedwa mu Majalla, buku la mfundo 1,851 lokonzedwa pakati pa 1869 ndi 1876 motsogozedwa ndi Ahmed Cevdet Pasha. Dzina lakalelo silinafe: mu 1983 dziko la Pakistan linakhazikitsa ofesi yomva madandaulo a anthu pa boma n'kuitcha Wafaqi Mohtasib.

Zimene tikutolapo

Kuno kwathu kulibe muhtasib, koma ntchito zake zilipo, zinangogawidwa. Masikelo amayesedwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards, madandaulo a ogula amapita ku Competition and Fair Trading Commission, a pantchito amayambira ku ofesi ya zantchito ya m'boma n'kukafika ku Industrial Relations Court, ndipo odandaula za maofesi a boma ali ndi Ombudsman. Msilamu wopita ku makomo amenewa chifukwa waberedwa pa sikelo ya soya kapena sanalipidwe miyezi itatu sakuchita zachilendo pa chipembedzo chake.

Mbiriyi ikutichenjezanso mbali ina. Hisba ya udindo inali ya munthu woikidwa ndi wolamulira, wodziwa malamulo, womangidwa ndi malire. Aliyense wa ife ali ndi gawo la kulangiza, koma palibe amene angadziike yekha kukhala wolanga anzake pamsika, kapena kugamula nkhani imene mwini wake akuikana.

Ndipo popeza nkhani yokanidwa imafuna umboni, tidziteteze isanafike. Ayah 282 ya Surah al-Baqarah, yomwe ndi yaitali kuposa zonse mu Qur'an, ikutilamula kulemba ngongole ndi kuikapo mboni. Fiqh imafuna kuti malipiro ndi kukula kwa ntchito zidziwike ganyu isanayambe. Tikamalemba mmisiri womanga mpanda wa mzikiti, kapena mwalimu wa pa madrasa yathu, tiyambe ndife kulemba papepala kuti adzalandira zingati ndiponso tsiku liti. Allah ndiye Wodziwa kwambiri.