Matenda okhalitsa a impso: ngozi yaikulu ili m'mitsempha ya magazi

Anthu ambiri akamva za matenda a impso amaganiza za makina osefera magazi a dialysis. Komatu ambiri mwa odwala matenda okhalitsa a impso amamwalira ndi matenda a mtima kapena sitiroko asanafike n'komwe pa makinawo. Gwero lake lili m'mitsempha ya magazi.

Madokotala amati munthu ali ndi matendawa ngati impso zake zawonongeka kapena zikusefa mofooka kwa miyezi yoposa itatu. Mu 2002 bungwe la National Kidney Foundation la ku America linagawa matendawa m'magawo asanu, ndipo m'magawo oyambirira wodwala nthawi zambiri samva kupweteka kulikonse.

Mkati mwa mtsempha uliwonse muli kakhungu kopyapyala kwambiri kotchedwa endothelium. Kakhunguka kamatulutsa mpweya wa nitric oxide, umene umafewetsa mtsempha kuti utanuke magazi adutse bwino, komanso umathandiza kuti magazi asaundane. Robert Furchgott, Louis Ignarro ndi Ferid Murad analandira mphoto ya Nobel mu 1998 chifukwa chotulukira ntchito ya mpweyawu.

Impso zikafooka, zinyalala zimene zikanatuluka ndi mkodzo zimaunjikana m'magazi. Chimodzi mwa izo ndi ADMA, chimene ofufuza a ku Britain anasonyeza mu 1992 kuti chimachuluka mwa odwala impso ndipo chimatsekereza kupangidwa kwa nitric oxide. China ndi indoxyl sulfate, chimene chiyambi chake ndi mabakiteriya a m'matumbo akamaphwanya mapuloteni a m'zakudya. Zinyalalazi zimaputa chitetezo cha m'thupi, chomwe chimayamba kumenya nkhondo yosatha ngati kuti m'thupi muli chilonda chosapola. Uku n'kumene madokotala amatcha kutupa, ngakhale sikuoneka ndi maso ndipo n'kosiyana ndi kutupa kwa miyendo kobwera ndi madzi; kumadziwika poyeza CRP kapena interleukin-6 m'magazi. Maselo oyera amamatirira ku khoma la mtsempha, mafuta amalowerera, njira ya magazi n'kumachepa.

Pamwamba pa izi, impso zodwala zimalephera kutaya phosphate, amene amagwirizana ndi kashiamu n'kuumitsa makoma a mitsempha, mtima n'kumapopa movutikira. Choipa n'chakuti vutoli limabwerera komwe linachokera: impso zimalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a magazi amene mtima umapopa, choncho mitsempha ikawonongeka, nazonso zimawonongekeratu.

M'mayiko a kum'mwera ndi pakati pa Africa, matendawa amayamba makamaka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, shuga ndi HIV. Makina a dialysis amapezeka m'zipatala zochepa za m'mizinda ikuluikulu, motero kudziwa msanga n'kofunika kuposa china chilichonse. Kuyeza puloteni ya albumin mumkodzo n'kosavuta, ndipo ikapezeka imachenjeza za impso ndi mitsempha yomwe.

Mankhwala monga enalapril ndi losartan amatsitsa kuthamanga kwa magazi n'kuteteza impso. Kafukufuku wa SHARP mu 2011 anasonyeza kuti mankhwala ochepetsa mafuta m'magazi amachepetsa matenda a mitsempha mwa odwalawa, ndipo wa DAPA-CKD mu 2020 anapeza kuti dapagliflozin amachedwetsa kufooka kwa impso ngakhale mwa anthu opanda shuga. Odwala amalangizidwanso kuchepetsa mchere, kusiya fodya, ndi kupewa kumwa ibuprofen kapena diclofenac popanda uphungu wa dokotala.