Nthondo wa 1933 ali kuti?

Mu Januwale 1813 munthu wina wosindikiza mabuku ku London, Thomas Egerton, anatulutsa Pride and Prejudice, nkhani yachikondi ya Jane Austen. Linatuluka m'magawo atatu, dzina la mlembi palibe pachikuto, ndipo mayiyo anali atagulitsa kale umwini wa bukulo pa mapaundi 110 okha. Lero buku limodzi la kusindikiza koyambako likapezeka, anthu amalimbirana pamsika ndi mapaundi masauzande ambirimbiri. Mawu ake ndi omwewo amene mungawerenge ulere pa intaneti. Chimene amagula ndi pepalalo, zilembo zake, ngakhale zolakwika za osindikiza.

Ife buku lathu lotere ndi liti? Ine ndimati ndi Nthondo.

Ambiri a ife tinakumana naye ku sekondale, tikuloweza za mnyamata wosamva uja amene anasanduka wakuba koma pamapeto nkukhala mfumu ndi Mkhristu. Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, analemba nkhaniyi pa mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures, napambana. Bukuli linatuluka mu 1933. Chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi nalitcha Man of Africa, ndipo mawu otsogolera analemba ndi Julian Huxley. Si nkhani yachikondi ayi. Makina osindikizira anali a amishoni, ndipo iwo ankafuna mabuku otembenuza mitima, osati a zibwenzi.

Kuno ku Mphunzi funsoli limandikhudza kwambiri. Mishoni ya kuno inatsegulidwa ndi amishoni a Dutch Reformed Church, omwewo a ku Mvera ndi Nkhoma, ndiye mabuku a ku Nkhoma ndi amene ankawerengedwa m'masukulu ndi m'matchalitchi a dera lino. Koma buku la pasukulu ya kumudzi silikhala m'kabati yagalasi. Limayenda m'manja mwa ana mpaka chikuto chithothoke, mvula ilidonthere kudzera padenga laudzu, chiswe chimalize zotsala. Mabuku athu oyamba anatha chifukwa ankawerengedwa, ndipo pamenepo sindiimba munthu mlandu. Chodabwitsa nchakuti paphiri la Mphunzi pomwepa pali zojambula za pamiyala zimene zakhala zaka mazanamazana, ndipo kuyambira 2006 zili m'gulu la malo a Chongoni otetezedwa ndi UNESCO. Alendo amakwera phiri kukaziona. Pepala la zaka 90 zokha lilibe mlonda.

Wina anena kuti Nthondo alipo m'masitolo, vuto nchiyani? Vuto ndi lakuti chilankhulo chinasinthidwa pakati apa. M'masiku a Nthara ankalemba Cinyanja ndi Acewa, popanda h. Mu 1968 boma linasintha dzina la chilankhulo kukhala Chichewa, mu 1972 nkukhazikitsa Chichewa Board, imene inaika malamulo atsopano a kalembedwe. Buku likasindikizidwanso kuti ana a sukulu aliwerenge, limatsata malamulo a nthawi yake. Wofufuza amene akufuna kudziwa mmene mphunzitsi wa Chichewa ankalembera mu 1933, mawu amene ankasankha, ndi pamene akonzi a pambuyo pake anaikapo dzanja, ayenera kugwira buku loyambalo ndi kuliyerekeza ndi la lero, tsamba ndi tsamba.

Ndipo kusunga buku pamalo amodzi sikokwanira. Mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, mabuku masauzande ambiri nkusanduka phulusa tsiku limodzi. Ku National Archives ku Zomba ndi ku Society of Malawi ku Mandala amasunga zakale, koma zambiri zikadali m'masutikesi a agogo athu amene anali aphunzitsi ndi akulu a mpingo. Tchuti chikubwerachi ndikufuna kuyamba ndi mabanja a aphunzitsi akale a kuno, foni m'manja, kujambula tsamba lililonse lolembedwa Cinyanja limene andilole kuligwira.