Fumbi, makande ndi petulo wa m'zigubu: mbiri ya njinga zamoto ku Mua

Mvula ikangosiya, pamsewu wa M5 pamayamba kudutsa njinga zamoto zikuluzikulu za alendo, zikwama zili lendelende m'mbali, eni ake atadziphimba kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ena amakhotera ku Mua kukaona zosema za ku Kungoni ndi nyumba ya Chamare yosungiramo zachikhalidwe, ena amapitirira mpaka pa Golomoti n'kulowera ku Monkey Bay. Akadutsa, nkhani imatsala pamsika. Amati luso loyenda m'tchire panjinga yamoto anabwera nalo ndi amenewa, ife tangoliphunzira dzana kabaza atafika. Ena amaikirapo mwambi uja wakuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Pa zambiri mwambiwo sunama, koma pa nkhani iyi ine ndikukana. Dera la Mua, Golomoti ndi Mtakataka linali ndi akatswiri ake kalekale. Chimene chinatitayika panjira ndi chisamaliro cha njinga.

Ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni ya Mua m'chaka cha 1902 m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe, kenaka Mtakataka mu 1908 ndi Bembeke mu 1910. Bembeke ali kumtunda, Mua ali kuchigwa, ndipo kuchokera kunyanja kukafika pa Dedza boma munthu amakwera mamita opitirira 1,000. Chitunda chimenecho anthu ankachikwera wapansi, azungu ena atanyamulidwa pamachila. Mthuthuthu utafika m'dziko muno, oyamba kuukonda anali azimishoni ndi akuluakulu a boma la atsamunda, chifukwa galimoto imalira msewu pamene mthuthuthu umakhutira ndi kanjira ka wapansi. Mu 1927 pa Mua panatsegulidwa chipatala cha odwala khate, ndipo pofika 1935 njanji inali itadutsa pa Golomoti ndi pa Mtakataka kupita ku Salima. Sitima inkasiya katundu pasiteshoni. Kuchokera pamenepo kulowa m'midzi inali ntchito ya miyendo, njinga yakapalasa, ndi yamoto kwa ochepa amene anali nayo.

Njinga za alendo zija zili ndi mtundu wake, ndipo si wakale monga anthu amaganizira. M'chaka cha 1976, chomwe Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa Kungoni pa Mua, kampani ya Yamaha inali kugulitsa njinga yatsopano ya XT500. Mu 1979 Mfalansa Cyril Neveu anapambana nayo mpikisano woyamba wa Paris-Dakar wodutsa m'chipululu cha Sahara. Mu 1980 BMW inatulutsa R80 G/S, yopangidwira phula ndi fumbi lomwe, ndipo Hubert Auriol anapambana mpikisano womwewo pa BMW mu 1981. Zidzukulu za njinga imeneyi ndi zimene timaziona pa M5 lero.

Ife mtundu wathu ndi wina. Mu 1973 Yamaha inatulutsa AG100, kanjinga kopangira alimi a ziweto a ku Australia, ndipo pambuyo pake panabwera mng'ono wake wamphamvu, AG200. Izi, pamodzi ndi DT125 ndi Honda XL, ndi zimene zinalowa m'manja mwa alangizi a zaulimi, a zaumoyo, a zankhalango ndi oyendera sukulu, zitukuko za kumidzi zitachuluka m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Mukaipeza AG itaima, iyang'anitsitseni. Tcheni chake chili m'bokosi kuti fumbi ndi matope zisachidye. Ili ndi keliyala kutsogolo ndi kumbuyo, choimikira kumanzere ndi kumanja kuti iime potsetsereka paliponse, ndi zitsulo zoteteza zogwirira za kilatchi ndi buleki ikagwa. Si yothamanga, ndipo m'tauni anyamata saiyang'ana kawiri. Koma ndi imene inkafikitsa katemera kuseri kwa mtsinje wa Livulezi, ndi imene inkazungulira minda ya thonje, ndipo sikimu ya mpunga ya Bwanje Valley ya mahekitala 800 itamangidwa ndi thandizo la Japan cha m'ma 2000, alangizi ankayendera ngalande zake panjinga zoterezi.

Dera lino linkaphunzitsa okwerawo mwankhanza. Mu Okutobala fumbi limatseka sefa ya mpweya, injini n'kuyamba kubanika ndi kumwa mafuta ambiri. Minga ya mthethe siisiya chubu. Dzinja likafika, makande amamatirira patayala mpaka gudumu lakutsogolo kukana kuzungulira, ndiye mlangizi ankayenda ndi kamtengo kokokolola matope. Akaoloka mtsinje wa Nankokwe kapena Nadzipulu madzi n'kulowa mu injini, ankadziwa kuti kulimbana ndi kiki n'kupha njinga. Ankayamba wamasula pulagi, kupopa kiki kuti madzi atuluke pabowo, kukhetsa kabuleta, ndipo akafika kunyumba ankasintha oyilo chifukwa wasanduka woyererako. Wokwera AG100 kapena DT125 sankanyamuka osasuzumira kathanki ka oyilo wa 2T, podziwa kuti kakauma pisitoni igwira. Anthu amenewa sanajambulidwe pakanema, koma ulendo umene mlendo amauyenda kamodzi pamoyo wake, iwo ankauyenda Lolemba lililonse.

Ming'alu inayamba kuonekera nthawi yomweyo. Chitukuko chinkabwera ndi njinga zatsopano, koma chikatha, ndalama za oyilo, matayala ndi masipeya zinkathera pomwepo. Njinga yofuna tcheni ndi sipuloketi basi inkakankhidwira kuseri kwa ofesi, kenaka wina n'kuchotsako batire, wina kabuleta, mpaka kutsala chigoba. Kugula chatsopano kumakhala ndi mwambo ndi zithunzi, pamene kusintha oyilo sikuitanitsa mlendo wolemekezeka, ndipo ine ndimaona kuti matenda athu agona pamenepo. Si kuno kokha. Barry ndi Andrea Coleman pamodzi ndi katswiri wa mipikisano Randy Mamola anaona milu yotereyi ya njinga za azaumoyo m'maiko a mu Africa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo n'chimene chinabala bungwe la Riders for Health, lomwe kuno kwathu limanyamula magazi ndi makhololo okayezedwa kuchokera m'zipatala zing'onozing'ono.

Mu 2007 Ewan McGregor ndi Charley Boorman anadutsa m'Malawi paulendo wawo wa Long Way Down wochokera ku Scotland kupita ku Cape Town. Anali pa BMW R1200GS Adventure, njinga yolemera makilogalamu opitirira 250 ikadzaza thanki yake ya malita 33, ndipo kumbuyo kwawo kunkabwera magalimoto owathandiza. Kanema wawo anakopa ambiri, ndipo msewu wokhotakhota wochokera pa Masasa kutsikira pa Golomoti, womwe unali utaikidwa phula, unayamba kutchuka pakati pa okwera ochokera kunja.

Kenaka kunagwa chaka cha 2011, ndipo aliyense amene anali ndi njinga nthawi imeneyo sachiiwala. Fodya sanayende bwino pamsika, thandizo la maiko akunja linachepa, ndalama zakunja zogulira mafuta zinasowa. M'mizinda magalimoto ankagona pamizere ya petulo masiku angapo. Kumadera ngati kuno, kumene thanki yobweretsa mafuta inkafika mwa apo ndi apo, moyo unasamukira m'zigubu. Petulo ankalowa kuchokera ku Mozambique, komwe malire ake amayenda limodzi ndi msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu, n'kutsika chitunda m'zigubu za malita 20, kenaka n'kugawidwa m'mabotolo m'mbali mwa msewu pamtengo woposa wapampopi kutalitali. Ambiri ogulitsa ankangofuna chakudya cha ana, koma ena ankachulukitsa katundu ndi palafini, ndipo m'chigubu momwe dzulo munali madzi kapena dizilo lero munkalowa petulo.

Zotsatira zake amakaniko anaziona ndi maso. Petulo wathu wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, fakitale ya ku Dwangwa itayamba ntchito, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Akakhalitsa m'botolo losatsekeka bwino, madzi amadzipatula n'kukhala pansi. M'njinga amakadikha m'kambale ka pansi pa kabuleta, ndiye injini imalira bwino poyamba, mukangokoka mafuta n'kuyamba kutsokomola. Palafini ndiye woipa koposa. Njinga imavuta kulira m'mawa, imafuka utsi, pulagi imada bii, injini imagogoda pokwera chitunda, ndipo wosapsa bwinoyo amatsikira mu oyilo n'kumusungunula. Miyezi ingapo, ma ring'i atha.

Apa m'pamene kuphweka kwa njinga za alangizi kunaonekera. Mmisiri wa pansi pa mtengo ankayala thumba, kumasula kasikuluwu ka pansi pa kabuleta n'kukhetsera mafutawo m'chivindikiro cha botolo. Madzi ankaoneka okha, kadontho kozungulira kali pansi pa petulo. Ankachotsa jeti, kuiloza kudzuwa kuti aone ngati kabowo katseka, kuiuzira ndi pakamwa, kupala pulagi ndi kasandipepa, ndipo ola lisanathe mwini njinga anali panjira. Njinga yaikulu yamakono ilibe kabuleta. Ili ndi pampu m'kati mwa thanki, sefa yosalola kachitsotso, ndi kompyuta yoyeza mafuta. Zikatseka zimenezo, sipanala ya nambala 10 siithandiza, ndipo chosinthira chimadikiridwa kuchokera ku Johannesburg. Wanzeru, mlendo kaya mwini mudzi, ankasefa petulo ndi kansalu koyera asanathire m'thanki.

Pa 7 Meyi 2012 kwacha inagwetsedwa kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi. Mafuta anabwerera pampopi, koma masipeya anakwera mtengo, ndipo zizolowezi za nthawi ya njala zinakhazikika. Petulo wa m'botolo sanachokenso m'mbali mwa msewu. Kusintha oyilo kunasanduka chinthu chodikira kuti ndalama ipezeke. Choopsa kwambiri ndi chizolowezi chotsika chitunda cha Golomoti injini atazimitsa pofuna kupulumutsa mafuta. Injini ikakhala m'giya imathandiza kugwira njinga. Ikazima, katundu yense amatsalira mabuleki, omwe amatentha makhota akachuluka n'kuleka kugwira pamene akufunika. Kusowa kwa mafuta kutabwereranso mu 2022 ndi 2023, kwacha n'kugwanso ndi 25 peresenti kenaka 44 peresenti, zizolowezi zomwezi zinapeza mbadwo watsopano wa okwera.

Mbadwo umenewo ndi wa kabaza. M'zaka za m'ma 2010 njinga zotsika mtengo monga Lifo, King Lion ndi Boxer zinadzaza pa Golomoti, pa Mtakataka ndi pamphambano ya Mua, zambiri zolowera malire omwe aja. Njingazo zilibe mlandu, ndipo anyamatawo ndimawalemekeza. Ndi iwo amene amadzuka pakati pa usiku kutengera mayi woyembekezera kuchipatala cha Mua, ndi iwo amene amatulutsa matumba a mpunga ku Bwanje galimoto ikakanika matope. Chimandiwawa n'chakuti njinga zinafika msanga kuposa maphunziro ake. Mnyamata amaphunzira pabwalo la mpira masana awiri, lachitatu wanyamula anthu atatu ndi thumba la makala, alibe chipewa, ndipo madzulo mwini njinga akudikira ndalama yake yatsikulo. Tcheni chikalira amachikoka mpaka chiume gwa, osadziwa kuti cholimbitsitsa chimadya sipuloketi ndi mabeyaling'i. Madokotala a mafupa ku Lilongwe akhala akudandaula poyera za kuchuluka kwa othyoka miyendo pangozi za kabaza.

Okwera a Riders for Health amaphunzitsidwa kuti m'mawa uliwonse, asanalize injini, aone mafuta, oyilo, kulimba kwa tcheni, manati, mabuleki ndi matayala. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo alangizi akale aja ankaichita ndi maso otseka. Ambiri a iwo anapuma pantchito ndipo ali m'midzi ya kwa Kachindamoto momwemu, akulima thonje ndi mpunga. Magulu a kabaza ali ndi atsogoleri pasiteji iliyonse, ndipo amatha kusonkherana mnzawo akagonekedwa m'chipatala. Atapatula Loweruka limodzi m'mawa, n'kuitana madala mmodzi wotereyu kuti abwere ndi masipanala ake, angayambire pa mabuleki ndi katsikidwe ka chitunda cha Golomoti.