Shaka alimo, nanga Muzura ali kuti?

Mphwanga anabwera kuchokera ku Lusaka ndi laputopu, ndipo usiku umene magetsi analipo pano pa Rufunsa anandionetsa Civilization VI. Umasankha mtundu wa anthu akale, kumanga mizinda, kuchita malonda ndi kumenya nkhondo. Pa mndandanda ndinaona Shaka wa Azulu, Mansa Musa wa ku Mali ndi Mvemba a Nzinga wa ku Kongo. Nditamufunsa za Muzura, mphwanga anati, "Achimwene, ameneyo ndiye ndani?"

Sindimuimba mlandu, pakuti inenso dzinali ndinalimva ndili kale ku koleji. Muzura anali mfumu yamphamvu ya Amaravi, makolo a Achewa ndi Amang'anja, kumpoto kwa Zambezi. Mu 1608 anatumiza ankhondo 4,000 kukathandiza Apwitikizi amene anali kuchirikiza Gatsi Rusere, mfumu ya Mutapa. Mu 1616 Gaspar Bocarro, pa ulendo wake wochokera ku Tete kupita ku Kilwa, anachereredwa kwa Muzura. Ubwenziwo sunakhalitse: patapita zaka anatembenukirana, ndipo Muzura anagonja. Akatswiri a mbiri amatsutsanabe ngati iye anali Kalonga weniweni, koma zimenezo sizichotsa mphamvu zake.

Wopanga masewera angafunenso chiyani? Mtsogoleri alipo, ankhondo alipo, malonda a minyanga, makasu achitsulo ndi nsalu za thonje analipo. Ndipo mbiriyi sinafe: Kalonga Gawa Undi amalandira Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique ku Mkaika chaka chilichonse pa Kulamba. Age of Empires II, potulutsa The African Kingdoms mu 2015, inaika Mali, Ethiopia, Aberber ndi Portugal. Apwitikizi analowa, koma amene anawapeza pa Zambezi anatsala panja.

Komabe chimene chinandivuta kwambiri si Amaravi. M'masewerawa muli timidzi tating'ono topanda dzina. Msilikali wako akapondapo, umalandira mphatso, kamudziko n'kuzimiririka. Ndinayang'ana n'kuganiza za kuno kwathu, kwa Asoli, dziko la mafumu Mpanshya, Bunda Bunda ndi Shikabeta. Asoli sanamange ufumu waukulu wolanda maiko. Anali kulima, kusula zitsulo ndi kutsata ufumu kuchikazi, pamene malonda anali kukwera kuchokera ku Zumbo ndi Feira, pomwe Luangwa amakumana ndi Zambezi. Pa muyeso wa masewera, anthu otere ndiwo kamudzi kopondedwa kaja.

Ndiye ndikamati Muzura alowe, ndikudziwa kuti ndikumusankha ndi muyeso womwewo: anali ndi ankhondo ambiri, ndipo Apwitikizi anamulemba m'mapepala awo. Ndikufunabe kuti alowe. Mphwanga uja anasankha Shaka, n'kuponda timidzi tinayi batire lisanathe.