Mfuti m'Mbiri ya Zomba

Munthu akaima pamwamba pa phiri la Zomba amaona Nyanja ya Chilwa, mapiri a Chikala ndi midzi yambirimbiri ili phee m'chigwa. Koma bata limeneli silinalipo chikhalire. Mbiri ya dera lino ikutiphunzitsa kuti mfuti ikakhala m'manja mopanda lamulo loilondoloza, amene amalira ndi munthu wamba.

M'zaka za m'ma 1800, amalonda ochokera kugombe la Nyanja ya Mchere ya India ankabweretsa mfuti za gogodela ndi onga, n'kumasinthanitsa ndi minyanga ya njovu ndi akapolo. Mfumu yokhala ndi mfuti zambiri inkagwira anthu ambiri, ndipo ikagulitsa anthuwo inkagulanso mfuti zina. Amang'anja, amene ankadalira uta ndi mkondo, anathawa midzi yawo nakabisala m'mapiri ndi pazilumba. Poona izi, maiko amene anakumana ku Brussels anagwirizana mu 1890 zochepetsa malonda a mfuti muno mu Africa.

Mu 1891 Harry Johnston anakhazikitsa likulu la boma la atsamunda ku Zomba, ndipo mu 1895 asilikali ake anagonjetsa Mfumu Kawinga ku Chikala. Malonda a akapolo anatha, koma mfuti zinangosintha mwini. Pa 3 Malichi 1959 asilikali a boma lomwelo anaombera ndi kupha anthu opanda zida ku Nkhata Bay. Apa tikuona kuti lamulo la mfuti liyenera kumanganso olamulira, osati olamulidwa okha.

Titalandira ufulu, Nyumba ya Malamulo, imene panthawiyo inkakumana ku Zomba, inakhazikitsa lamulo la mfuti mu 1967. Komabe gulu la Apayoniya, lomwe linali la chipani cholamula, linapatsidwa zida zake pambali pa asilikali ndi apolisi. Mu Disembala 1993 Apayoniya anapha asilikali awiri ku Mzuzu, ndipo ankhondo athu anawalanda zida pa ntchito imene inatchedwa Operation Bwezani. Ena mwa iwo anathawira ku Mozambique.

Nako ku Mozambique nkhondo yapachiweniweni inali itangotha mu 1992, ndipo mfuti za AK-47 zimene zinatsala zinayamba kudutsa malire mobisa. Ife amene tinali kuphunzitsa masiku amenewo tikukumbukira mmene eni magolosale ankatsekera dzuwa lisanalowe poopa achifwamba. Sizodabwitsa kuti mu 2001 atsogoleri a maiko a SADC, atakumana ku Blantyre, anasaina pangano lothana ndi kufala kwa mfuti ndi zipolopolo.

Ena amati munthu aliyense ayenera kukhala ndi mfuti yodzitetezera. Koma makolo athu anaziona: mnansi akagula mfuti imodzi, winayo ankafuna ziwiri, ndipo palibe amene ankagona tulo. Tsono n'koyenera kuti mfuti iliyonse, ya boma kapena ya munthu payekha, ilembedwe m'kaundula. Kuti wopempha chiphaso afufuzidwe bwino lomwe. Ndi kuti wozembetsa zida alandire chilango chowawa.

Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Nachonso chipolopolo chikatuluka sichibwerera mumpope. Inu ophunzira a lero ndinu mudzapange malamulo a mawa. Musadzaiwale zimene chigwa cha Zomba chinaona.